DR. DENIS BURKITT (1911–1993): DOTOLO AMENE ADAFUFUZA CHOTUPA CHA ANA

Mau kwa aphunzitsi

Phunziro ili ndi la moyo wa Dr. Denis Burkitt. Khansa imene imagwira ana ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse imatchedwa ndi dzina lake. Muliwerenge kawiri kapena katatu panokha musanaime pamaso pa ana. Cholinga chake ndi ichi: ana adziwe kuti nthenda ili ndi chiyambi chake, chimene munthu woleza mtima angathe kuchifufuza, ndipo inu mudziwe chochita tsiku limene mwana wa m'kalasi mwanu adzafike ndi tsaya lotupa.

1. Ubwana wake

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, kumpoto kwa dziko la Ireland. Atate ake, a James Burkitt, adali injiniya woyang'anira misewu, koma ankakonda kwambiri mbalame. Ankazigwira ndi kuziveka timphete ta mitundumitundu m'miyendo, kuti azidziwa kuti mbalame yakutiyakuti imakhala pati ndipo malire a dera lake ali pati. Zonse ankazilemba pa mapu. Musadumphe nkhani imeneyi pophunzitsa, chifukwa chimene mwanayo adaona atate ake akuchita ndi mbalame, iye adadzachichita ndi nthenda.

Ali ndi zaka 11, anyamata ankagendana kusukulu, ndipo mwala udammenya diso lakumanja. Disolo lidachotsedwa, ndipo moyo wake wonse adakhala ndi diso limodzi. M'kalasi sadali wotchuka ndi nzeru. Mu 1929 adalowa Trinity College ku Dublin kuti aphunzire uinjiniya monga atate ake. Kumeneko adayamba kusonkhana ndi kagulu ka ophunzira achikhristu, ndipo adatsimikiza mumtima kuti Mulungu akumuitana kukhala dotolo. Tsono adasiya uinjiniya. Adatsiriza maphunziro a udotolo mu 1935, ndipo mu 1938 adakhoza mayeso a madotolo a opaleshoni ku Edinburgh.

2. Kukanidwa

Mtima wake udali pa Africa. Adafunsira ntchito ya udotolo ku boma la Britain, limene linkalamulira maiko ambiri kuno, koma adamkana. Chifukwa chake chidali diso lija: akuluakulu ankaganiza kuti munthu wa diso limodzi sangathe kuchita opaleshoni bwino. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, adalowa usilikali monga dotolo, ndipo asilikali ndiwo adamtumiza ku Kenya ndi ku Somaliland. Mu 1943 adakwatira namwino, Olive Rogers, ndipo adabala ana aakazi atatu. Nkhondo itatha palibe amene akadanenanso kuti sangathe ntchito. Mu 1946 adatumizidwa ku Uganda. Adayambira ku Lira, ndipo pambuyo pake adasamukira ku chipatala chachikulu cha Mulago mu mzinda wa Kampala.

Mwina m'kalasi mwanu muli mwana wotsimphina, wachibwibwi, wosamva bwino kapena wachialubino. Musamloze chala pokamba gawo ili, koma mulikambe momveka kuti anzake onse amve.

3. Mwana wa nsagwada zotupa

Mu 1957 dotolo mnzake, Hugh Trowell, adamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5. Nsagwada zake zidali zotupa mbali zonse, kumwamba ndi kumunsi, ndipo mano ankagwedera. Burkitt adamjambula chithunzi ndi kulemba zonse zimene adaona, koma mankhwala padalibe, ndipo mwanayo adamwalira. Patangopita masabata ochepa, ali ku chipatala cha Jinja, adaona mwana wina wotupa chimodzimodzi, amene adalinso ndi zotupa m'mimba.

Madotolo ena adali ataonapo ana otere. Koma chotupa cha m'nsagwada ankachiyesa nthenda ina, cha m'diso ina, cha mu impso inanso. Burkitt adapita kumene ankasunga makadi akale a odwala nayamba kuwerenga limodzilimodzi. Adapeza kuti ana otupa nsagwada kawirikawiri ankakhalanso ndi zotupa m'mimba, ndipo adazindikira kuti yonseyi ndi nthenda imodzi. Mu 1958 adalemba za ana 38 m'magazini ya madotolo a opaleshoni a ku Britain. Anthu ambiri sadalabadire. Posakhalitsa anzake awiri a ku Kampala, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, adapima zotupazo pa makina oonera tinthu tating'ono, napeza kuti ndi khansa ya maselo oyera amene amateteza thupi ku matenda. Lero madotolo a dziko lonse amaitcha Burkitt lymphoma.

4. Ulendo wautali wa 1961

Tsopano padatsala funso ili: nthendayi imapezeka kuti, ndipo imalekezera pati? Burkitt adalibe makina kapena chuma. Ndi ndalama zochepa adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za anawo, natitumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni m'Africa monse, kufunsa ngati adaonapo ana otere. Yankho lililonse likafika ankabaya kaphini pa mapu amene adapachika pakhoma. Mapiniwo adandandalika ngati lamba wodutsa pakati pa Africa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, ndi mchira wotsikira kumwera.

Kuti aone pamene mchirawo ukuthera, mu October 1961 adanyamuka ku Kampala ndi anzake awiri: Dr. Ted Williams wa chipatala cha mishoni cha Kuluva, amene ankadziwanso kukonza galimoto, ndi Dr. Cliff Nelson wa ku Canada. Adakwera galimoto yakale ya Ford. Adayenda masabata 10, mtunda wa mamailosi 10,000, ndiwo makilomita 16,000, nayendera zipatala zopitirira 50. Adadutsa m'Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Southern Rhodesia ndi Mozambique mpaka kukafika ku Johannesburg. Pa chipatala chilichonse ankaonetsa zithunzi, kufunsa madotolo ndi othandizira awo, ndi kutsegula mabuku a odwala.

Dziko lathu lino, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, lidawathandiza kwambiri chifukwa lili ndi zigwa zotentha ndi mapiri ozizira moyandikana. Adapeza kuti nthendayi idali yofala m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma yosowa kumtunda. Ku Uganda inkafika mpaka pa malo okwera mapazi 5,000, ndiwo mamita 1,500. Kuno inkachepa munthu akapitirira mapazi 3,000, ndiwo mamita 900. Kumwera kwenikweni inkapezeka m'malo otsika okha. Dr. Alexander Haddow wa ku Entebbe ndiye adathandiza kumasulira zimenezi: chachikulu sichidali phiri ayi, koma kutentha ndi mvula. Kumene kumazizira kwambiri ndi kumene mvula imachepa kwambiri nthendayi idali yosowa. Malire amenewa ndi ofanana ndi malire a udzudzu.

5. Kachilombo, malungo ndi majini

Mu March 1961 Burkitt adakamba za chotupachi pa chipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera mudali Dr. Anthony Epstein, amene adaganiza kuti payenera kukhala kachilombo. Adapangana kuti Burkitt azitumiza tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Zaka pafupifupi zitatu zidapita osapeza kanthu. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adakaona kachilomboko. Kamatchedwa Epstein-Barr, ndipo ndiko kadali koyamba kudziwika kuti kamathandiza kuyambitsa khansa mwa munthu.

Koma kachilombo kokha sikadayankhe zonse. Anthu akuluakulu opitirira 9 mwa 10 alionse pa dziko lapansi ali nako, ndipo ambiri sadwala. Kuno kwathu ana amakatenga akadali makanda kudzera m'malovu. Chachiwiri chidapezeka kuti ndi malungo. Mapu a Burkitt adafanana ndi mapu a malo amene ana amadwala malungo mobwerezabwereza chaka chonse, ndipo ku Papua New Guinea, kutali ndi Africa, kumene malungo ali ochuluka, chotupachi chiliko.

Chachitatu chidapezeka ndi anthu ena Burkitt akadali moyo. Muchimvetse bwino, chifukwa makolo adzakufunsani. Thupi lathu lidamangidwa ndi maselo, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. M'selo muli timitolo 46 totchedwa makromozomu, tokhala tiwiritiwiri, ndipo achipatala adatipatsa manambala. M'timitolomo mudalembedwa malangizo onse oyendetsera thupi. Malangizowa amatchedwa majini. Muwauze ana kuti mau amenewa ndi a chipatala, ndipo sakukhudzana konse ndi majini amene anthu amanena pokamba za mizimu.

Mu 1972 George Manolov ndi Yanka Manolova adaona kuti m'maselo a chotupa cha Burkitt kromozomu ya nambala 14 idali yotalika kuposa muyeso. Mu 1976 kudadziwika kuti chidutswa chowonjezeracho chidathothoka ku kromozomu ya nambala 8. Mu 1982 magulu awiri a ku America, lina la Carlo Croce ndi lina la Philip Leder, adapeza kuti pa chidutswacho pali jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti igawikane. Ikasamuka, imakakhala pafupi ndi jini imene selo loyera limaigwiritsa ntchito usana ndi usiku popanga chitetezo cha thupi.

Fanizo lake ndi ili. Chilengezo cha masika chimawerengedwa mu mpingo kamodzi pa chaka. Koma tsamba lake litamatidwa molakwika pa zolengeza za Sabata ndi Sabata, mlembi adzaliwerenga kosalekeza, ndipo anthu adzatuta chimanga kubwera nacho mpaka tchalitchi kudzaza. Ndi mmene selo limachitira: limamva lamulo la kugawikana nthawi zonse ndipo silileka. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo oyera kugawikana mothamanga, ndipo pothamangapo kulakwitsa kotere kumachitika msanga. Kachilombo kaja kamathandiza selo lolakwikalo kuti lisafe. Chifukwa chake chotupachi chimakula mofulumira kuposa khansa zina zonse za munthu. Maselo ake amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri.

Tsono gwirani mfundo iyi. Kulakwika kumeneku kumachitika m'selo limodzi la mwana atabadwa kale. Sadakutenge kwa atate ake kapena kwa amai ake, ndipo sadzakupatsira ana ake. Zoona, ziliko khansa zina zimene zimayenda m'mtundu, monga zina za m'mawere, za m'matumbo ndi ina ya m'diso la ana. Koma zotere ndi pafupifupi 5 mpaka 10 mwa khansa 100 zilizonse, ndipo chotupa cha Burkitt cha kuno kwathu sichili m'gulu limenelo. Ndiponso mwana wodwala sapatsira anzake khansayi pokhala nawo pa benchi limodzi kapena podyera mbale imodzi.

6. Mankhwala

Burkitt sadakhutire ndi mapu okha, pakuti ana ankafabe m'manja mwake. Opaleshoni sinkathandiza, ndipo ku Uganda kudalibe makina owotchera khansa. Kuyambira cha mu 1960 adapempha mankhwala kwa opanga mankhwala ndi kwa madotolo a ku New York, ndipo adampatsa methotrexate, cyclophosphamide ndi vincristine. Zotsatira zake zidadabwitsa madotolo. Nkhope zotupa zinkaphwa pa masiku ochepa, ndipo ana ena adachiriratu atalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri. Dr. Peter Clifford ku Nairobi ndi Dr. Victor Ngu ku Ibadan adaonanso zomwezo. Iyi idali imodzi mwa khansa zoyamba kuchizika ndi mankhwala okha, ndipo zimene zidaphunziridwa pa ana a ku Africa zidathandiza odwala khansa m'maiko onse. Mu 1972 Burkitt adalandira mphoto ya Lasker ku America, ndipo chaka chomwecho adasankhidwa kulowa m'bungwe la Royal Society ku London.

7. Zaka zake zotsiriza

Mu 1966 adachoka ku Uganda kukagwira ntchito ku Medical Research Council ku London. Kumeneko adayamba kufunsa funso lina: chifukwa chiyani khansa ya m'matumbo, kudzimbidwa ndi matenda ena otere adali ofala ku Ulaya koma osowa m'midzi ya ku Africa? Adalemberanso makalata zipatala za mishoni. Adafika poyesa pa sikelo chimbudzi cha anthu a kumidzi ndi cha Azungu. Ana adzaseka pamenepa, alekeni aseke. Iye adaphunzitsa kuti kusiyana kwagona pa gaga wa m'chakudya, amene Azungu ankachotsa poyeretsa ufa. Mu 1979 adalemba buku la nkhaniyi limene lidawerengedwa m'maiko ambiri. Si zonse zimene adanena zimene zidatsimikizika, koma ofufuza a pambuyo pake adavomereza kuti chakudya cha gaga chimachepetsa khansa ya m'matumbo. Choncho mwana wa m'tauni asanyoze mgaiwa, nyemba, khobwe, nandolo ndi ndiwo zamasamba.

Kutchuka sikudamsinthe. Adakhala Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chake, ndipo adatumikirapo monga mtsogoleri wa bungwe la madotolo achikhristu ku Britain. Pokamba za ntchito yake ankatchula anzake amene adamthandiza, makamaka madotolo a m'zipatala zazing'ono za kumidzi amene ankayankha makalata ake. Adamwalira pa 23 March 1993 ku England, ali ndi zaka 82.

8. Zimene zikukhudza inu

Mwana akatupa nkhope mwadzidzidzi, m'mabanja ambiri mumabuka milandu. Akuchimuna amaloza akuchikazi kuti nthendayi ndi ya mtundu wao. Ena amapita kukaombeza, ndipo agogo osalakwa amatchedwa mfiti. Mwana amatemedwa mphini, kapena amangozulidwa dzino, masabata nkumapita. Werengani ndi ana Yohane 9. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, adafuna kudziwa amene adachimwa, iye kapena makolo ake. Ambuye Yesu adakana zonse ziwiri, ndipo adamchiritsa. Burkitt naye sadataye nthawi kufunafuna wolakwa. Adayang'ana, adawerenga, adafunsa, nafuna mankhwala.

Zizindikiro zake ndi izi: nsagwada kapena tsaya lotupa limene likukula pa masiku ochepa, mano ogwedera pa malo otupawo, diso lotuzuka, mimba yotupa ndi yolimba, kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi. Nthendayi imakonda ana a zaka 4 mpaka 9, ndipo anyamata amadwala kuposa atsikana. Amenewa ndiwo ana amene mumakhala nao Sabata lililonse. Nthawi zina mphunzitsi amene adaona mwana sabata latha amazindikira kusintha msanga kuposa makolo amene amamuona tsiku ndi tsiku.

Inu a ku Area 4 ndi madera ena a Old Town, chipatala cha Kamuzu Central, chimene chidatsegulidwa mu 1977, chili pafupi nanu, ndipo chimachiza ana odwala khansa. Ku Blantyre ntchito yomweyi imachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth. Musaganize kuti popeza Lilongwe ali pa mtunda wa mamita opitirira 1,000 ndiye kuti ana a kuno ali kunja kwa nkhaniyi. Malungo alipo kuno, ana anu amapita kumudzi pa tchuthi, ndipo abale ochokera ku Salima, Nkhotakota ndi kwina amafikira m'nyumba zanu akabwera ndi wodwala.

M'maiko olemera ana 9 mwa 10 odwala khansayi amachira. Kwathu kuno ochira ndi ochepa kuposa pamenepo. Ana ambiri amafika mochedwa, ena amafika ali onyentchera kotero kuti sangapirire mankhwala amphamvu, ndipo ena amachotsedwa m'chipatala chotupa chikangophwa, mankhwala asanathe. Pamenepo nthenda imabwerera. Kawirikawiri makolo amathawa chifukwa ndalama ya basi yatha, kapena kumunda kwatsala kopanda munthu. Apa mpingo ungathe kuthandiza. Mukaona mwana wotere, lankhulani ndi makolo tsiku lomwelo, mwaulemu ndiponso paokha. Dziwitsani mkulu wa mpingo wa dera lanu ndi amai a Chigwirizano, kuti banjalo lipeze chakudya, malo ogona ndi ndalama yoyendera mpaka mankhwala atatha. Kumbutsaninso ana kugona m'masikito usiku uliwonse ndi kupita kuchipatala msanga thupi likatentha.

Mafunso a ana

1. Denis Burkitt adaphunzira chiyani kwa atate ake, ndipo adachigwiritsa ntchito bwanji?
2. Adamkaniranji ntchito poyamba? Kodi okanawo adaganiza bwino?
3. Pa ulendo wa 1961, nthendayi adaipeza yofala m'malo otani m'dziko lathu?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zimakumana kuti chotupachi chiyambe.
5. Mnzanu atatupa tsaya, ndipo anthu nkumati walodzedwa, inu mungauze yani, ndipo munganene chiyani?

Ntchito

Jambulani mapu a Malawi pa bolodi kapena pansi. Ana aike timiyala m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo aike kamtengo pa Lilongwe ndi pa Blantyre pamene pali zipatala zazikulu. Potseka, pemphererani ana amene agonekedwa m'zipatala zimenezi, amai amene akuwadikirira, ndi anamwino ndi madotolo amene akuwasamala.